Tolosa: Msika wa Loweruka ndi Mapiri Ouzungulira

Loweruka lililonse kusanache, magalimoto a alimi amayamba kutsetsereka m'misewu yokhotakhota ya m'mapiri a Gipuzkoa, kumpoto kwa dziko la Spain. Amakhala atanyamula kabichi, mazira, uchi, maapozi, tchizi ndi matumba a nyemba zakuda. Onse amalowera ku Tolosa, tauni ya anthu pafupifupi 20,000 yomwe ili m'mbali mwa mtsinje wa Oria, makilomita ngati 25 kumwera kwa mzinda wa San Sebastián, umene eni nthaka amautchula kuti Donostia. Dzuwa likamakwera, m'timisewu ta tauniyi mumakhala piringupiringu. Amayi amakoka zikwama zamatayala, madoda ovala zipewa zakuda amaima m'magulumagulu kukambirana za mvula, ndipo ophika a m'malesitilanti amazungulira mabenchi kufunafuna ndiwo zabwino anzawo asanazitole.

Kuno ndi kwa anthu a mtundu wa Basque. Dziko lawo lidagawika pakati pa Spain ndi France, pamene mapiri a Pyrenees amatsikira ku nyanja ya Atlantic, ndipo chiyankhulo chawo cha Euskara chilibe chibale ndi chiyankhulo china chilichonse cholankhulidwa ku Ulaya lero. Alendo ambiri obwera kuderali amathera ku Bilbao, kukaona nyumba ya zaluso ya Guggenheim, kapena pamchenga wa ku San Sebastián. Salakwa, koma amabwerera ataona khonde lokha. Wofuna kudziwa m'mene anthuwa amakhalira apite ku Tolosa tsiku la msika, ndipo akatha kugula asafulumire kukwera sitima. Chilichonse chili pabenchi chili ndi phiri kapena chigwa chimene chachokera, ndipo ambiri mwa malowo munthu amatha kukafikako wapansi.

Tauniyi idakhazikitsidwa mu 1256 ndi Mfumu Alfonso X ya ku Castile. Mfumuyo inkafuna matauni a malinga m'njira yochokera pakati pa dziko kupita kunyanja ndi ku France, komanso oti aziyang'anira malire ndi ufumu wa Navarre womwe udali kuseri kwa mapiri akum'mawa. Tolosa wakale adamangidwa ngati pachilumba, mtsinje mbali imodzi, ngalande ya madzi mbali inayo. Ngalandeyo idakwiriridwa kalekale, koma maonekedwe a tauni yapakati sadasinthe: misewu italiitali yopapatiza yoyenda mogundizana, nyumba zosanja zothithikana, ndi mabwalo ang'onoang'ono omwe munthu amangotulukirapo mwadzidzidzi. Chipata cha Castile chidakalipo. Mlatho wamiyala wa Navarre, pomwe amalonda a vinyo, tirigu ndi ubweya ankalowera, udakalinso pamalo pake. Pakati pa 1844 ndi 1854 Tolosa adali likulu la chigawo chonse cha Gipuzkoa ulemuwo usanapite ku San Sebastián, ndipo mpaka lero nyumba yosungira makalata akale a chigawochi ili konkuno. Tchalitchi cha Santa María, chachikulu moti chimaoneka ngati chakulira tauni yake, chili ndi nsanamira zikuluzikulu zozungulira zimene zimanyamula denga lalitali mofanana mbali zonse.

Msika umachitikira malo atatu. Pabwalo la Euskal Herria pamagulitsidwa zovala, ziwiya ndi zipatso zochokera kutali. Pabwalo la Berdura, lomwe lili ndi denga la magalasi, pamakhala maluwa ndi mbande. Koma mtima wa msika ndi Tinglado, kapena kuti Zerkausia, chinyumba chachitali choyera chokhala ndi makhomo ambirimbiri oyang'ana kumtsinje, chomangidwa cha m'ma 1900. Muno mumakhala alimi a m'midzi yoyandikira, aliyense ndi zokolola za pakhomo pake. Ambiri ndi amayi achikulire amene akhala pabenchi lomwelo zaka zambiri, ndipo ogula amawadziwa ndi dzina la nyumba yomwe amachokera. Pabenchi pamasintha ndi nyengo. Mu Epulo ndi Meyi mumaona nsawawa ndi letesi, mu Ogasiti tomato ndi tsabola wobiriwira, mu Okutobala bowa, maapozi ndi mtedza, ndipo chisanu chikafika pamatsala kabichi ndi ndiwo zina zopirira kuzizira. Wofuna tomato mu Januwale apite kusitolo.

Nyemba zokwera chimanga

Chimene chidatchukitsa Tolosa m'dziko lonse la Spain ndi nyemba. N'zazing'ono, zobulungira pang'ono, zofiirira mpaka kuoneka zakuda bii, zonyezimira, zokhala ndi kadontho koyera kamodzi. Zimabzalidwa cha mu Meyi, kukololedwa ndi manja cha mu Okutobala, ndipo kilogalamu imodzi imagulidwa pamtengo woposa kangapo wa nyemba wamba.

Mlimi wa ku Dedza kapena ku Ntcheu ataona munda wake wachikale sangafunse funso, chifukwa nyembazi zimabzalidwa pamodzi ndi chimanga kuti ziziyanga paphesi, monga momwe timachitira kwathu. Kufananaku si kwangozi. Mbewu ziwirizi kwawo ndi ku America, kumene zidayamba kulimidwa limodzi zaka masauzande apitawo. Ku Basque zidafika ndi zombo za ku Spain, kwathu kuno zidalowa kudzera m'malonda a kugombe m'nthawi ya Apwitikizi. Alimi ena a ku Tolosa masiku ano amaimika mitengo kapena maukonde m'malo mwa chimanga kuti kukolola kuphweke, koma minda yophatikiza idakalipo m'mbali mwa Oria.

Kaphikidwe kake n'kosavuta kufotokoza. Nyemba zimaikidwa mumphika, makamaka wadothi, ndi madzi ozizira ndi mafuta a olivi, ena amaponyamo anyezi. Moto umakhala wochepa kwambiri, wongonyeka, kwa maola atatu kapena kupitirira. Supuni saloledwa kulowamo, chifukwa imaswa khungu la nyemba. Wophika amangogwira mphika m'makutu n'kuugwedeza. Madzi akachepa amathiramo ozizira pang'onopang'ono, ndipo mchere umabwera kumapeto. Kuona maso a nkhono n'kudekha: wopupuluma amadya nyemba zosweka zosambira m'madzi, pamene wodekha amapeza msuzi wolemera, wakuda ngati chokoleti, nyemba zili zamphumphu koma zosungunuka mkamwa. Nyama siphikidwa mumphika womwewo. Imabwera payokha m'mbale zapambali, pamodzi ndi kabichi wophika, soseji yamagazi ya ku Beasain, ndi tsabola wa ku Ibarra.

Ibarra ndi mudzi wongogundana ndi Tolosa, woti munthu amakafikako wapansi asanatope. Tsabola wake ndi wamtali, woonda, ndipo amathyoledwa asanakhwime, akadali wobiriwira motuwa, kenaka n'kumizidwa mu viniga. Sawawa kwenikweni. Amangothetsa mafuta mkamwa kuti munthu awonjezere mbale ina. Mu Novembala, nyemba zatsopano zikauma, tauni imachita chikondwerero chake, alimi n'kupikisana kuti aone yemwe wakolola zabwino koposa.

Chimanga nachonso chidasintha moyo wa dera lino. Tirigu sachita bwino m'mapiri a mvula yambiri chonchi, ndipo chisanafalikire chimanga m'zaka za m'ma 1600 anthu ankadalira mawere ndi maapozi. Ufa wa chimanga udabweretsa talo, kamkate kopyapyala kophikidwa pachitsulo chamoto. Kale kadali chakudya cha osauka, chodyera ndi mkaka m'mawa ndi madzulo. Lero anthu amachita kufola pamzere kuti akagule pazikondwerero, atakulungamo soseji yofiira yotchedwa txistorra.

Pali chakudya china chimene anthu amayendera ulendo kubwera ku Tolosa: txuleta, chinthuli chachikulu cha nthiti ya ng'ombe yokalamba, chootchedwa pamakala ndi mchere wa mibulu. Malo ootchera nyama ngati Casa Julián, omwe adayamba m'zaka za m'ma 1950, ndiwo adatchukitsa kaotchedwe aka. Kunja nyama imapsa mpaka kuda, mkati imatsala yofiira. Wozolowera nyama yopsa mpaka pafupa adzayamba wayang'ana mbale kawiri, ndipo akapempha kuti aibwezere pamoto, wootcha adzamvera koma nkhope ili gwa.

Nyumba za m'mapiri

Mukakweza maso muli pamlatho wa Navarre mudzaona nyumba zikuluzikulu zoyera zitamwazikana m'mapiri obiriwira, iliyonse payokha pakati pa minda yake. Nyumba yotere imatchedwa baserri, ndipo ndiyo gwero la msika wonse. Pansi pa denga limodzi lalikulu pamakhala banja, khola la ng'ombe, ndi chipinda chapamwamba chosungiramo udzu wouma, chimanga ndi nyemba. Kutentha kwa ziweto kunkathandiza kufunditsa anthu m'chisanu. Nyumba iliyonse ili ndi dzina lake lomwe silisintha ngakhale eni ake asinthe, ndipo maina ambiri a mabanja a ku Basque adachokera ku maina a nyumbazi.

Mwambo wa cholowa ndi umene udasunga mindayi kuti isaduke zidutswazidutswa. Makolo ankasankha mwana mmodzi, wamwamuna kapena wamkazi, osati woyamba kubadwa nthawi zonse, n'kumusiyira nyumba ndi munda wonse. Enawo ankapatsidwa kangachepe n'kukadzionera okha. Ena adalowa unsembe ndi usisitere, ena adakwera zombo, ambiri adapita ku Argentina ndi Uruguay kapena kukaweta nkhosa ku Nevada ndi Idaho. Mwambowu udali wouma mtima kwa ana otsalawo, palibe chobisa, komabe ndi chifukwa chake munda umene unkadyetsa banja zaka 400 zapitazo ukutha kutumiza kabichi ku Tinglado lero. Amene akufuna kuona mkati mwa nyumba yotere apite ku Igartubeiti, kumtunda kwa chigwa kupitirira Beasain, kumene baserri ya m'zaka za m'ma 1500 idasungidwa kuti anthu aziiona. Nyumba yonseyo idamangidwa mozungulira chimtengo chachikulu chofinyira maapozi, umboni wakuti chakumwa cha maapozi chidali chuma chenicheni chimanga chisanabwere. Chakumwacho chikadali chokondedwa. Kuyambira mu Januwale mpaka Epulo anthu amadzaza nyumba zofululira, mwini wake akatsegula kabowo ka mgolo onse n'kufola ndi matambula kutchera chakumwa chikuthovoka.

Ana ena otsala sadapite kutali. Adangotsika phiri n'kulowa m'fakitale. Madzi a Oria ndi timitsinje tothiramo adakopa opanga mapepala, ndipo mu 1842 ku Tolosa kudatsegulidwa La Esperanza, fakitale imene imatchulidwa kuti ndi yoyamba ku Spain kupanga pepala losaduka ndi makina. Zina zidatsatira mpaka chigwa chonse chidadziwika ndi mapepala. Mtsinje ndi umene udalipira: kwa zaka zambiri Oria adali mmodzi mwa mitsinje yakuda kwambiri m'derali, wa thovu ndi fungo. Mafakitale ambiri a mapepala adatsekedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1900, madzi adayamba kuyeretsedwa, ndipo lero achinyamata amapalasa mabwato kutsogolo kwa Tinglado. Fakitale ya zipewa ya Elósegui, yomwe idayamba mu 1858, ikugwirabe ntchito. Imapanga txapela, chipewa chaubweya chozungulira chopanda mlomo chimene madoda a kuno savula. Wopambana mpikisano uliwonse ku Basque, kaya wa njinga, wa ndakatulo kapena wa nyemba, amavekedwa chipewa chotere chopetedwa ndi ulusi.

Tauni yosagona

Mu 1937 boma la Francisco Franco lidaletsa zikondwerero za kanivo, zija zimachitika nyengo ya Lenti isanayambe. Matauni ambiri adamvera. Anthu a ku Tolosa adangosintha dzina, n'kunena kuti akukondwerera kufika kwa nyengo ya maluwa, ngakhale kuti udali mwezi wa Febuluwale, kunja kukuzizira koopsa. Chikondwererocho sichidaduke, ndipo lero ndi chotchuka koposa m'chigawo chonse. Chimayamba Lachinayi n'kutha usiku wa Lachiwiri. Magulu a malipenga ndi ng'oma amazungulira misewu, anthu amavala zachilendo n'kumaseka andale ndi aliyense wodzimva, ndipo Lamlungu m'mawa tauni yonse imatuluka itavala zogonera ndi masilipasi.

Pa 24 Juni, tsiku la Yohane Woyera, anyamata ndi atsikana amavina bordon-dantza atanyamula ndodo zazitali, mfuti zikulira m'mwamba. Anthu amati gule ameneyu amakumbutsa nkhondo ya ku Beotibar ya mu 1321, pamene anthu a ku Gipuzkoa adagonjetsa gulu lankhondo lochokera ku Navarre m'chigwa chopapatiza kum'mawa kwa tauniyi. Dzina lomwelo la Beotibar lidaperekedwa ku bwalo la pelota, masewera omenya kampira kolimba kachikopa kukhoma ndi dzanja. Kampirako kamatupitsa zikhatho, ndipo owonerera amabetcherana mofuula masewera ali mkati. Masewera ena a kuno adachokera ku ntchito za pamunda: kudula zipika ndi nkhwangwa, kumweta udzu ndi chikwakwa, kunyamula miyala. Ku Leitza, tauni ya ku Navarre kuseri kwa mapiri, kudachokera Iñaki Perurena amene adakweza paphewa mwala woposa makilogalamu 300.

Tauni yaying'ono chonchi ili ndi zinthu ziwiri zokopa anthu a m'maiko akutali. Kuyambira mu 1969 imachititsa mpikisano wa makwaya, womwe uli m'gulu la mipikisano ikuluikulu ya ku Ulaya pamodzi ndi wa ku Arezzo ndi wa ku Debrecen. Ilinso ndi TOPIC, nyumba ya zidole zoseweretsa pazisudzo yomwe idatsegulidwa mu 2009 m'nyumba yakale ya khoti, mmene muli zidole zochokera m'makontinenti osiyanasiyana. Okonda mpira amaidziwa Tolosa ngati kwawo kwa Xabi Alonso, amene adabadwira kuno mu 1981.

Si zonse za kuno zokondweretsa. Gulu la ETA, lomwe linkamenyera ufulu wodzilamulira wa dera la Basque ndi mfuti ndi mabomba, lidapha anthu oposa 800 lisanasiye ziwawa mu 2011 ndi kutheratu mu 2018. Mu Julayi 2000 lidawombera Juan María Jáuregui, yemwe adakhalapo bwanamkubwa wa Gipuzkoa, ali m'nyumba yomwera khofi mkati mwa Tolosa. Patapita zaka mkazi wake Maixabel Lasa adavomera kukumana maso ndi maso ndi ena mwa amene adachita chiwembucho, nkhani yomwe idapangidwa filimu mu 2021. Mlendo adzaona mbendera ndi zolembalemba zandale m'makoma. Ndi bwino kumvetsera kusiyana ndi kufulumira kuweruza, chifukwa m'tauni ya anthu odziwana chonchi mabala ena sadapole.

Kukwera mapiri

Anthu a kuno amakwera mapiri ngati chizolowezi cha Lamlungu, agogo ndi adzukulu omwe. N'zosadabwitsa kuti Edurne Pasaban, mayi woyamba kukwera mapiri onse 14 a padziko lapansi otalika kuposa mamita 8,000, ntchito yomwe adaimaliza mu 2010, ndi mwana wa ku Tolosa.

Phiri loyambira ndi Uzturre, lomwe laima pamwamba penipeni pa tauni, lotalika mamita ngati 730. Njira imayambira m'misewu ya m'tauni momwemo, n'kukwera kudutsa pa katchalitchi ka Izaskun ndi m'minda ya mabaserri, kenaka kulowa m'nkhalango. Pamtanda waukulu umene umaoneka kuchokera kumsika, munthu amaona chigwa chonse chili pansi pake: mtsinje, njanji ndi msewu waukulu zitapanikizana pakati pa mapiri, mafakitale atandandalika m'mbali, ndi timinda ta nyemba m'malo ochepa athyathyathya omwe adatsala. Apa m'pamene munthu amamvetsa chifukwa chake nyembazi n'zodula. Ulendowu umatheka m'mawa umodzi, wobwerera n'kukapeza nkhomaliro.

Kumadzulo kuli Ernio, lotalika mamita pafupifupi 1,075, limene anthu a ku Gipuzkoa amalilemekeza mwapadera. Amalikwera kuchokera ku midzi ngati Hernialde, Alkiza kapena Errezil. Pansonga pake pali mitanda yambirimbiri, yachitsulo ndi yamiyala, yoimikidwa ndi mabanja pokumbukira abale awo. Masiku a Lamlungu a mu Sepitembala anthu amakwera mwaunyinji. Chakumunsi pang'ono kwa nsonga kuli mtanda wopachikidwapo mikombero yachitsulo, ndipo mwambo ndi wakuti munthu adutsitse thupi lake m'mikomberoyo kuti nyamakazi isamugwire chaka chimenecho. Ansembe ndi madokotala anene zimene anganene, mzere wa anthu odikira sutha. Potsika amagula timaliboni tamitundumitundu n'kuima pa Zelatun, padambo la pakati pa mapiri pomwe pali tinyumba togulitsa msuzi wotentha ndi soseji, oimba akodiyoni ndi kang'oma kamanja akusangalatsa ovina. Kunja kukayera, kuchokera pansonga nyanja imaoneka.

Koma ulendo woposa onse ndi wa ku Aralar, mapiri a miyala ya laimu omwe ali kumwera, m'malire a Gipuzkoa ndi Navarre, otetezedwa ndi boma kuyambira mu 1994. Khomo lake ndi Larraitz, kamudzi ka nyumba zowerengeka kumtunda kwa Abaltzisketa. Pamenepo Txindoki, phiri losongoka lotalika kupitirira pang'ono mamita 1,340, limaoneka ngati losakwereka. Njira yodziwika imalizungulira chakumbuyo, kudutsa pakasupe ndi m'misipu, ndipo munthu wamphamvu zake amafika pamwamba m'maola awiri kapena atatu. Chigawo chomaliza ndi chotsetsereka, chamiyala yoterera mvula ikagwa, ndipo pamenepa anthu ena adatayapo miyoyo.

Kuseri kwa nsongayo kuli madambo aakulu a msipu, opanda mpanda, omwe midzi ya m'munsi yakhala ikugwiritsa ntchito mogawana kuyambira m'zaka za m'ma 1400. Cha mu Meyi abusa amakweza nkhosa zawo za mtundu wa latxa, zaubweya wautali wolendewera, n'kukhala nazo m'tinyumba tamiyala mpaka chisanu chitayandikira. Mahatchi ovala mabelu m'khosi amadya momasuka. Mkaka wa nkhosazi, wosawiritsa, ndi umene umapanga tchizi cha Idiazabal, chomwe chimasungidwa miyezi iwiri kapena kuposerapo chisanagulitsidwe, china n'kufukizidwa ndi utsi. Mtengo wake umadziwika Lachitatu ku Ordizia, tauni ina ya m'mbali mwa Oria kumtunda kwa Tolosa, kumene msika wakhala ukuchitika kuyambira mu 1512. Mu Sepitembala kumakhala mpikisano, ndipo theka la tchizi chopambana limagulitsidwa pamalonda okweza mtengo mpaka mayuro masauzande angapo.

Abusa a lero si oyamba kuponda madambo amenewa. Ku Aralar kuli manda ambiri akale, omangidwa ndi miyala ikuluikulu yoimika ndi wina wogoneka pamwamba, a zaka zoposa 4,000. Mmodzi mwa amene adawafukula ndi kuwalemba ndi wansembe José Miguel de Barandiaran, wobadwira ku Ataun m'munsi mwa mapiriwa mu 1889, amene adakhala ndi moyo mpaka 1991. Iyeyu ankayendanso nyumba ndi nyumba kulemba nthano za okalamba. Imodzi imasimba za ziphona zotchedwa jentilak, zomwe zinkakhala m'mapiri n'kumaponyerana matanthwe. Tsiku lina zidaona mtambo wowala ukuchokera kum'mawa, ndipo wamkulu wawo adati chimenecho ndi chizindikiro chakuti Khristu wabadwa, nthawi yawo yatha. Zonse zidathawa n'kukalowa pansi pa mwala, ndipo manda amodzi a ku Aralar mpaka pano amatchedwa Jentilarri. Txindoki nalonso akuti ndi imodzi mwa nyumba za Mari, mayi wamphamvu wa m'nthano za ku Basque amene amalamulira mphepo ndi mvula. M'midzi ya m'munsi mwake, monga Amezketa ndi Abaltzisketa, Euskara ndicho chiyankhulo cha pakhomo, cha kusukulu ndi cha kumowa. Ku Amezketa n'kumene kudatchukira Pernando Amezketarra, mbusa wa m'zaka za m'ma 1700 wodziwa kupeka ndakatulo pomwepo, luso limene mpaka lero limadzaza mabwalo akuluakulu pamipikisano.

Amene mawondo salola kukwera asadandaule. Kuchokera ku Andoain, kumpoto kwa Tolosa panjira ya sitima yopita ku San Sebastián, kuli njira ya Plazaola. Idali njanji yolumikiza San Sebastián ndi Pamplona kuyambira mu 1914, ndipo madzi osefukira a mu 1953 ataiononga sidakonzedwenso. Zitsulo zidazulidwa, njirayo n'kusanduka ya oyenda pansi ndi apanjinga. Imatsata mtsinje wa Leitzaran m'chigwa cha nkhalango, kudutsa m'mabwinja a ng'anjo zosungunulira chitsulo ndi m'njira zambiri zoboola phiri. Zina mwa njirazi n'zamdima, choncho tochi ndi yofunika.

Kubiriwira konseku kuli ndi mwini wake, ndiye mvula. Dera lino limalandira mamilimita oposa 1,000 pachaka, ndipo ilibe mwezi wopuma. Nthawi zambiri imagwa yowaza, imene eni ake amaitcha sirimiri, yooneka ngati yosanyowetsa mpaka munthu atazindikira kuti malaya amamatira pathupi. Miyezi yabwino kuyenda ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Njira zambiri zili ndi zizindikiro za penti pamiyala ndi pamitengo: zofiira ndi zoyera panjira zazitali, zachikasu ndi zoyera panjira zazifupi. Tengani nsapato zogwira pansi, jekete la mvula ndi madzi akumwa, mutseke chipata chilichonse chimene mwatsegula, ndipo galu akhale pachingwe pafupi ndi nkhosa. Ku Aralar nkhungu imatsika mofulumira, ndipo m'madambo opanda mitengo, okhala ndi maenje akuya m'miyala, ngakhale odziwa malo amasokera. Ikakupezani musanafike pansonga, bwererani njira yomwe mwadzera. Nambala yoitanira opulumutsa anthu ndi 112, ndipo kuimba kwake n'kwaulere.